Kununkhiza mpweya wa pulaneti lakutali mutakhala ku Senga Bay

Usiku wopanda mwezi mukaima pamchenga ku Senga Bay, nyali za asodzi a usipa zimandandalikana kutali pamadzi ngati kwamera tauni pakati pa nyanja. Sankhani nyali imodzi n'kuiyang'anitsitsa. Nthawi zina imaphethira pang'ono, kenako n'kuwalanso monga kale. Sinazime ayi, ndi bwato langodutsa pakati pa inu ndi nyaliyo. Bwatolo simunalione chifukwa cha mdima, koma mwadziwa kuti ladutsa, ndipo mukanakhala ndi choyezera kuwala mukananena ngati kanali kabwato kogoba kapena boti la matabwa.

Ndimaphunzitsa sayansi pasekondale ina kuno ku Salima. Mu 2022, itamveka nkhani yoti telesikopu ya James Webb yapeza mpweya wa carbon dioxide pa pulaneti lotchedwa WASP-39 b, mtsikana wina wa Fomu 3 anakweza dzanja. "Aphunzitsi, ndiye anapita ndani kukatunga mpweyawo?" Anzake anaseka, koma funso lake linali lanzeru kuposa kuseka kwawoko. Palibe anapitako. Kuwala, komwe kumathamanga makilomita 300,000 pa sekondi imodzi, kumatha zaka pafupifupi 700 panjira kuchoka kumeneko kudzafika kuno. Zonse zimene tikudziwa za mpweya wa pulanetilo zinawerengedwa m'kaphethiridwe ka nyenyezi yake, ndipo njirayo mukhoza kuitsata nokha. Mufunika katoni, chimbale chakale cha CD, mchere, foni kapena laputopu, ndi bandulo yapakatikati.

Choyamba, dziwani nyama imene mukusaka

Mapulaneti tikunenawa ndi akuluakulu ngati Jupiter, opangidwa makamaka ndi haidrojeni ndi helium, opanda nthaka yoti munthu n'kupondapo. Jupiter wathu amakhala patali, amatha zaka pafupifupi 12 kuti azungulire dzuwa kamodzi. Awa ali m'khwapa mwenimweni mwa nyenyezi zawo, n'chifukwa chake akatswiri amawatcha ma Jupiter otentha. Loyamba kupezeka linali 51 Pegasi b, mu 1995. Analipeza ndi Michel Mayor ndi Didier Queloz a ku Switzerland, pogwiritsa ntchito telesikopu ya ku Haute-Provence ku France, ndipo mu 2019 analandira nalo mphoto ya Nobel. Chaka cha pulanetili ndi masiku 4 ndi maola ochepa basi. Lili pamtunda wa makilomita pafupifupi 8 miliyoni kuchokera ku nyenyezi yake. Ife tili pa makilomita 150 miliyoni kuchokera ku dzuwa, koma Okutobala akafika kuno ku Salima timagona pakhonde. Kumeneko kutentha kumafika cha m'madigiri 1,000.

Madzulo ena a mu Okutobala kapena Novembala, tsegulani Stellarium, pulogalamu yoonetsa mapu a thambo, pafoni mufufuze nyenyezi ya 51 Pegasi. Ili chakumpoto, pambali pa nyenyezi zinayi zowala za m'gulu lotchedwa Pegasus zomwe zimaoneka ngati ngodya za nyumba. Ndi yozimirira, imafuna mdima weniweni, choncho talikirani magetsi a malo ogona alendo. Pulaneti simuliona, ndipo za mpweya simuphunzirapo kanthu usiku umenewo. Ndimangofuna kuti musanayambe kulimbana ndi manambala mukhale mutaionapo ndi maso anu nyenyezi imodzi yomwe ili ndi chilombo chotere pambali.

Chachiwiri, phunzirani kumwaza kuwala

Apa musafulumire, pakuti zotsalazo zonse zatsamira pano.

Tengani katoni yaing'ono, ya nsapato ndi yabwino. Kumapeto kumodzi boolani kazenera, ndipo pakazenerapo matani malumo awiri ndi selotepi, akuthwa kwake atayang'anizana, pakati pasiyidwe kampata kosakwana milimita imodzi. Chakumapeto kwinako chekani mzere wopendekeka n'kutsomekamo chimbale, mbali yonyezimira iyang'ane kampata kaja. Pamwamba pa chimbalecho boolani posuzumira. Ming'alu ina yonse itsekeni kuti m'katimo mukhale bii. Timizere ting'onoting'ono ta pachimbale timagawa kuwala m'mitundu yake, monga mmene madontho a mvula amachitira popanga utawaleza. Utawaleza wotere akatswiri amautcha spectrum.

Yanga yoyamba ndinacheka kampata ndi mpeni, kotakata ngati chala. Mitundu yonse inangosakanikirana ngati phala, ine n'kumanyoza chimbale kuti n'chokalikakalika. Vuto linali kampata. Kakakhala kopyapyala, mizere imatuluka yakuthwa.

Lozetsani katoniyo pa kandulo: muona utawaleza wosaduka, kuchokera kofiira mpaka kobiriwira, buluu ali wofooka. Kenako ilozetseni pa babu ya energy saver kapena pa chubu cha magetsi. Apa ana amakuwa ndithu, chifukwa m'malo mwa utawaleza mumatuluka mizere yotalikirana, wobiriwira pawokha, wofiirira pawokha, wa buluu pawokha. Ina mwa mizereyo ndi ya mercury yomwe ili m'babumo. Dzuwa musalilozetse ngakhale pang'ono, mungapse maso. Lozetsani pa khoma loyera lomwe lawombedwa ndi dzuwa kapena pa mtambo.

Tsopano mchere. Amene amaphikira pa gasi amadziwa kuti ndiwo zikasefukira, lawi la buluu lija limasanduka lachikasu. Sungunulani mchere m'madzi pang'ono, viikanimo kawaya, kaikeni pa lawi la gasi kapena la sipiriti, wina asuzumire m'katoni. Aona mzere umodzi wachikasu uli njo pawokha. Ameneyo ndi sodium, ndipo malo ake pa spectrum ndi 0.589 micron. Micron ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita, ndipo ndi muyezo umene timasiyanitsira mitundu ya kuwala. Maso athu amaona kuyambira 0.4 mpaka 0.7. Kupitirira apo ndi infrared, kuwala komwe maso saona koma khungu limamva mukayandikira mbaula.

Mpweya uliwonse uli ndi mitundu yakeyake, ngati chidindo cha chala. Ukatentha umatulutsa mitunduyo. Ukakhala kutsogolo kwa chinthu chowala kwambiri, umameza mitundu yomweyo n'kusiya mizere yakuda. Joseph von Fraunhofer anajambula mizere yakuda yotere m'kuwala kwa dzuwa cha m'ma 1814, ndipo cha m'ma 1860 Gustav Kirchhoff ndi Robert Bunsen anaonetsa kuti mzere uliwonse uli ndi mwini wake.

Chachitatu, masamu a kaphethiridwe

Pulaneti likadutsa kutsogolo kwa nyenyezi yake, kuwala kumatsika pang'ono kwa maola angapo. Ndi kadamsana wamng'ono, dzina lake transit. Kuti mudziwe kutsikako, gawani kutakata kwa pulaneti ndi kutakata kwa nyenyezi, yankholo mulichulukitse ndi lokha. Jupiter ndi wotakata makilomita pafupifupi 140,000, dzuwa pafupifupi 1,390,000. Kugawa kukupatsani 0.1, kuchulukitsa kukupatsani 0.01, kutanthauza 1 peresenti. Dziko lathu likanatsitsa ndi 0.008 peresenti yokha. Mwaona kale chifukwa chake anthu anayambira pa zimphonazi.

Transit yoyamba kuonedwa inali ya HD 209458 b mu 1999. Imachitika masiku atatu ndi theka alionse, imatha maola pafupifupi atatu, ndipo kuwala kumatsika ndi 1.5 peresenti. Tengani square root ya 0.015 pa kakyuleta ya pafoni: 0.12. Ndiye kuti pulanetilo ndi lotakata magawo 12 pa 100 a nyenyezi yake.

Chachinayi, gwirani transit yeniyeni ndi manja anu

Telesikopu ya TESS, yomwe NASA, bungwe la ku America loona za mlengalenga, inaponya m'mlengalenga mu 2018, imayang'ana chigawo chimodzi cha thambo kwa masiku pafupifupi 27 n'kusunthira china. Zonse zimene imayeza zimasungidwa pa intaneti pamalo otchedwa MAST, ndipo n'zaulere kwa aliyense, kaya ali ku Baltimore ku America kaya ku Lifuwu.

Langizo lopulumutsa bandulo: musatsitsire mafayilo m'kompyuta yanu. Ine ndinayesapo kutsitsa zithunzi zosakonza za James Webb, bandulo ya mwezi wathunthu inatha tsiku limodzi, magetsi n'kuzimanso fayilo isanathe. Gwiritsani ntchito Google Colab, tsamba la pa intaneti loyendetserapo mapulogalamu. Kumeneko mafayilo amatsikira m'makompyuta awo, kwa inu kumangobwera tchati.

Mu Colab ikani pulogalamu ya Python yotchedwa Lightkurve. Ndi lamulo la search_lightcurve fufuzani nyenyezi ya WASP-18, musankhe fayilo imodzi ya TESS, muitsitse ndi download, muijambule. Muona mzere wa timadontho wosonyeza kuwala kwa nyenyeziyo, wokhala ndi maenje, dzenje limodzi pafupifupi tsiku lililonse, chifukwa chaka cha pulaneti lake, WASP-18 b, sichikwana ndi maola 23 omwe. Kenako gwiritsani ntchito fold, mulembe masiku 0.94145. Lamuloli limapinda mzerewo ngati chitenje, maluwa ofanana kugundana, kuti maenje onse oposa 20 asanjikizane n'kukhala dzenje limodzi looneka bwino. Malizani ndi bin kuti timadontho tisalale. Yezani kuya kwake, mupeza pafupifupi 1 peresenti. Bwererani ku masamu aja. Nyenyeziyi ndi yokulirapo pang'ono kuposa dzuwa, choncho pulanetilo ndi lokulirapo pang'ono kuposa Jupiter.

Musanatseke, kulitsani tchaticho pakati pa transit ina ndi inzake. Muli kadzenje kena kakang'ono zedi, ka magawo atatu pa 10,000. Tidzakabwerera.

Mwina mwadabwa ndi dzina loti WASP. Ndi makamera osakira mapulaneti, ena anaikidwa pachilumba cha La Palma cha dziko la Spain, ena ku Sutherland ku South Africa. WASP-18 b anaipeza ndi a ku Sutherland, pansi pa thambo lomweli la kum'mwera.

Chachisanu, kumene mpweya umadziululira

Amene anaona kadamsana wa mwezi pa 27 Julayi 2018 akukumbukira kuti mwezi sunade bii, unafiira ngati njerwa yootcha. Munthu akanaima pamwezi usiku umenewo akanaona dziko lathu lili lakuda, m'mbali mwake mutazungulira kamkombero kofiira. Kuwala kwa dzuwa kunkadutsa mumpweya wathu, mpweyawo n'kumwaza buluu, kofiira n'kupitirira. N'chimodzimodzi dzuwa likamatuluka m'nyanja m'mawa lili psuu. Mtundu wa mweziwo unali kalata yonena za mpweya wa dziko lathu.

Pa transit zimachitika zomwezo. Kuwala kwina kwa nyenyezi kumasefedwa m'kamkombero ka mpweya wa pulaneti. Pa mtundu umene mpweyawo umameza, kamkomberoko kamakhala ngati khoma, pulaneti limaoneka lokulirapo, dzenje limazama. Pa mtundu umene sumeza, kuwala kumangodutsa, dzenje limachepa. Ntchito yonse ndi kuyeza transit imodzi yomweyo m'mitundu yambirimbiri n'kuyerekeza kuya kwa maenjewo.

Ma Jupiter otentha amakoma pa ntchitoyi chifukwa mpweya wawo ndi wofufuma. Kutentha kumautukumula, haidrojeni ndi wopepuka, ndipo pa ena mphamvu yokokera pansi ndi yochepa. Padziko lathu mukakwera makilomita 8, mpweya umapyapyala kufika pafupifupi gawo limodzi mwa atatu. Pa WASP-39 b mumafunika kukwera makilomita pafupifupi 1,000 kuti upyapyale chonchi. Pulanetili limalemera ngati Saturn koma ndi lotakata kuposa Jupiter, mandasi ochuluka yisiti. Ngakhale zili tero, chizindikirocho n'chochepa. Pamene David Charbonneau ndi anzake analengeza mu 2001 kuti aona sodium pa HD 209458 b ndi telesikopu ya Hubble, dzenje la pa mzere wachikasu uja linali lozama kuposa oyandikana nalo ndi magawo awiri okha pa 10,000. Mzere womwewo mwauona m'katoni ya nsapato.

Telesikopu yaing'ono ya pansi pano singafikepo, tisanamizane. Mpweya wathu uli ndi nthunzi yake ndi carbon dioxide yake zomwe zimameza infrared isanafike pansi, makamaka kuno kunyanja kwa chinyezi. N'chifukwa chake James Webb, ya kalilole wotakata mamita 6.5, anaiponya pa 25 Disembala 2021 kuti ikakhale makilomita 1.5 miliyoni kuchokera kuno.

Chachisanu ndi chimodzi, werengani spectrum ya WASP-39 b

Pitani pa NASA Exoplanet Archive, mutsegule tebulo la Atmospheric Spectroscopy, mufufuze WASP-39 b, musankhe spectrum ya James Webb yoyezedwa ndi chipangizo cha NIRSpec. Manambala ake ndi ochepa, amalowa bwinobwino mu Excel. M'munsi mwa tchati muike ma micron, m'mbali muike kuya kwa transit. Phiri lililonse pa tchaticho ndi malo amene china chake chameza kuwala.

Lembani manambala awa pakapepala mukhale nako pafupi. Sodium ali pa 0.589, potassium pa 0.77. Nthunzi ya madzi ili ndi mapiri angapo, pa 1.4, pa 1.9 ndi pa 2.7. Methane ali pa 3.3, carbon dioxide pa 4.3, carbon monoxide cha pa 4.6.

Phiri la pa 4.3 simungaliphonye. Kuya kumachoka cha pa 2.1 peresenti kufika cha pa 2.25. Telesikopu inayang'ana nyenyeziyo kwa maola pafupifupi 8 pa 10 Julayi 2022, ndipo aka kanali koyamba kuona carbon dioxide mosakayikitsa pa pulaneti la kunja kwa banja la dzuwa lathu. Yang'ananinso pa 3.3: palibe phiri. Kusowa kwa methane nakonso ndi nkhani, kumathandiza kudziwa kutentha ndi kuchuluka kwa kaboni poyerekeza ndi okosijeni.

Chimene chimandisangalatsa ine ndi kachulu kakang'ono ka pa 4.05, m'mphepete mwa phiri lalikulu. Poyamba akatswiri eni ake sanadziwe mwini wake. Pambuyo pake kanadziwika kuti ndi sulfur dioxide, mpweya womwe sukanapezeka wochuluka chonchi pakanapanda kuwala kwa nyenyezi. Kuwala kwamphamvuko kumaswa nthunzi ya madzi m'mwamba, zidutswa zake zimaukira hydrogen sulfide, ndipo safa womasukayo amagwirana ndi okosijeni. Ndi kuphika kwa mtundu womwewo kumene kumapanga ozone pamwamba pa dziko lathu. Ana anga ndimawapatsa tchati osawauza, n'kuona amene ayambe kukaloza kachuluko.

Akatswiri akafika apa amapanga mipweya yongoyerekeza masauzande ambiri pakompyuta, ndi mapulogalamu monga petitRADTRANS kapena TauREx, n'kuona imene ikufanana ndi tchati chenicheni. Umu ndi mmene anapezera kuti WASP-39 b ili ndi zinthu zolemera kuposa haidrojeni ndi helium mochuluka pafupifupi kakhumi poyerekeza ndi dzuwa. Phindu lake ndi mbiri: chimphona chotere chimaganiziridwa kuti chinabadwira kutali, kozizira, komwe madzi amauma kukhala ayezi, kenako n'kusamukira pafupi ndi moto. Zimene chinameza panjira zimatsalira mumpweya wake.

Chachisanu ndi chiwiri, kayikirani zimene mwaona

Wa kunyanja amadziwa kuti mawu oti nkhungu ali pawiri. Pali nkhungu ya m'mawa, palinso tizilombo tija timafuka pamadzi ngati utsi, totchuka kwa anzathu a ku Nkhotakota. Zonse ziwiri zikaima pakati pa inu ndi nyali ya msodzi zimaiphimba mofanana, mitundu yonse pamodzi. Mapulaneti ali ndi nkhungu zawo. Mitambo ya m'mwamba imadula mapiri a pa spectrum, tchati n'kukhala chafulati, munthu n'kuganiza kuti kulibe madzi pamene angobisika. David Sing ndi anzake atayerekeza ma Jupiter otentha khumi, anapeza kuti amene ankaoneka ouma anali ophimbidwa ndi mitambo. Mitambo yake si ya madzi ayi. Pa WASP-17 b, James Webb inapeza mu 2023 kuti ndi ya timiyala ta quartz, mtundu womwewo wa mchenga umene mwapondapo pagombe.

Nyenyezi nayo imanama. Ili ndi mawanga ozizirirapo, ndipo pulaneti likadutsa pamene mawangawo ali pambali, mitundu imasokonekera n'kuoneka ngati ndi mpweya. Ngakhale sodium wotchuka wa mu 2001 uja, gulu lina linadzamuyezanso ndi matelesikopu akuluakulu a pansi cha m'ma 2020 n'kunena kuti chizindikirocho chikhoza kuchokera kunyenyezi. Choncho kadontho kamodzi kodumpha pa tchati musakakhulupirire. Onani kutalika kwa timizere ta kukayika tomwe tili pakadontho kalikonse, ndipo fufuzani ngati mpweya womwewo ukuonekanso pa phiri lake lachiwiri kapena pa chipangizo china. Za carbon dioxide ija anthu anazivomereza msanga chifukwa magulu angapo anakonza manambala omwewo, lililonse ndi pulogalamu yake, phiri n'kutuluka pamodzimodzi. Mutu umodzi susenza denga.

Kadzenje kakang'ono kaja

Kaja munaona pa WASP-18 ndi nthawi imene pulaneti labisala kuseri kwa nyenyezi. Kuwala kumene kwasowako ndi kwa pulaneti lenilenilo, mbali yake ya masana. Zotsatira zoyamba za muyezo wotere, za telesikopu ya Spitzer, zinalengezedwa mu 2005. Mapulanetiwa amalozetsa nkhope imodzi yokha ku nyenyezi, monga mwezi umachitira kwa ife, ndiye mbali ina ndi masana osatha, ina usiku wosatha. Mu 2007 Heather Knutson ndi anzake analengeza kuti atatsatira HD 189733 b anapeza kuti malo otentha kwambiri sali pakati pa masana, mphepo yamkuntho inawakankhira chakum'mawa. Pa WASP-76 b masana amapitirira madigiri 2,400, chitsulo chimasanduka nthunzi, ndipo mu 2020 akatswiri analengeza kuti telesikopu ya VLT ku Chile inaona nthunziyo ili kumalire a madzulo koma kulibe kumalire a m'mawa. Akatswiriwo anamasulira kuti chitsulocho chimagwa ngati mvula usiku.

Mukafuna kuponyapo dzanja

Kuyeza mpweya kumafuna kudziwa ola lenileni la transit, ndipo apa anthu wamba amathandiza. NASA ili ndi ntchito ya Exoplanet Watch: mumapempha zithunzi zojambulidwa ndi matelesikopu ang'onoang'ono odziyendetsa okha, mumazikonza ndi pulogalamu ya EXOTIC mu Colab momwemo, n'kutumiza zotsatira. Telesikopu yanuyanu siifunika. Ntchito yotereyi ndimaisungira nyengo ya dzinja, thambo likatsekeka kuyambira Disembala.

Amene ali ndi kamera ya DSLR ndi choimikira chotsata nyenyezi ayesere HD 189733 b, yomwe dzenje lake limaposa 2 peresenti ndipo imabwereza masiku 2.2 alionse. Kuno imaoneka chakumpoto madzulo a Julayi mpaka Seputembala. Bisalani kuseri kwa khoma chifukwa mwera umagwedeza kamera, ndipo musadikire mpaka utsi wa moto wa kutchire utadzaza thambo. Yambani kujambula ola limodzi transit isanayambe, mumalize ola limodzi itatha, apo ayi simudzakhala ndi poyerekezera. Matebulo a transit amalemba nthawi mu UTC, ndipo wotchi ya ku Malawi ili patsogolo ndi maola awiri. Ine usiku wanga woyamba, ndi kamera yobwereka, ndinaiwala kuwonjezera maolawo. Ndinajambula mzere wowongoka bwino kwambiri, n'kulongedza katundu pamene pulaneti linkangoyamba kumene kulowa.